Anapiye a ku Katuli

Ntchito imeneyo inandipeza ndili pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Malindi, laisensi ili m'thumba chaka chachiwiri osagwirako chiwongolero cha munthu. Vani yoyera inaphulika tayala pafupi ndi nyumba yathu. Dalaivala wake, bambo wachikulire wa ndevu za imvi, anatsika n'kumangoyang'ana jeke atagwira msana. Ndinadzuka kukawathandiza, ndipo ndili chogwada kumasula manati, ndinamva phokoso m'vanimo, tswii-tswii-tswii, losalekeza.

"Mwanyamula chiyani umu, bambo?"

"Mabwana anga amenewo," anatero akuseka. "Anapiye obadwa dzulo."

Amenewo anali Che Amidu. Atamva kuti ndili ndi laisensi, anandiuza kuti kudepoti yawo pa boma akufuna dalaivala wina. Amayi anga, omwe moyo wawo wonse akhala akugula nsomba pagombe n'kukagulitsa kumsika, anawamangira utaka wouma m'pepala, n'kuwauza kuti, "Mutengeni ameneyu, madzi amawaopa." Sananame. Sekani ngati mukufuna, koma ine mwana wa kunyanja ndikakwera bwato ndimangosanza. Amalume anali atanena kale kuti ndikapanda kupeza ntchito chaka chimenecho, ndikalowe m'bwato lawo ndizikakoka nawo khoka la chilimira.

Woyang'anira madalaivala anali a Mbewe, munthu wa ku Dedza amene ankayenda ndi thaulo pakhosi, kudandaula kutentha kwa Mangochi tsiku ndi tsiku ngati kwayamba dzulo. Anandiyesa kubwerera m'mbuyo pakati pa madiramu awiri, ndinadutsa osakhudza. Kenako anati, "Barnaba, miyezi itatu ya pulobeshoni, yokuyesa kaye. Ukadutsa, kalata yokukhazikitsa ndi khadi la yuniyoni. Ukaphonya, geti ndi ilo."

Khadilo ndinaliona kwa Che Amidu, chifukwa ndiwo ankaimira madalaivala ku bungwe la ogwira ntchitolo. Linali kakhadi kobiriwira, m'makona mutatha. Anandifotokozera kuti munthu wa khadi sachotsedwa ntchito chisawawa, pamakhala kukhalirana pansi, kufunsana, ndipo yuniyoni imamulankhulira. "Koma iwe pakadali pano uli pakhonde," anatero. "Udzalowa m'nyumba ikatha miyezi itatu." Kuyambira tsiku limenelo kakhadi kaja ndinkakalota ndili maso.

Ntchito ya m'mawa inali yofanana masiku onse. Kuona oyilo, madzi a mu radiyeta, mpweya wa matayala, jeke ndi sipanala, kenako kulemba makilomita mu logibuku. Kumbuyo kwa vani kunali mashelefu a waya ndi mafani awiri, ndipo umayatsa onse n'kuika dzanja kuti umve ngati akupemerera. Lole yochokera mumzinda ikafika, tinkatsitsa makatoni, lililonse anapiye zana, logawidwa zipinda zinayi, mabowo m'mbali monse ndi pamwamba. Posanja pa shelefu umasiya mpata wokwana chikhatho pakati pa katoni ndi linzake. Che Amidu anandiuza chifukwa cha mpatawo, ndikukhulupirira anandiuza ndithu, koma ine mutu unali kwina. Ndinangodziikira m'maganizo kuti n'kuopa kuti makatoni angakhulane n'kung'ambika.

Miyezi iwiri yoyamba ndinkayenda nawo. Aa, inali miyezi yokoma! Tinkanyamuka kusanatenthe, msewu wa ku Monkey Bay uli mbee, milambe itaima m'mbali ngati nayonso ikudikira katundu wake. Kumbuyo anapiye zikwi akulira pamodzi, ndipo ukamvetsera nthawi yaitali phokoso lija limasanduka mvula yowaza pa malata. Ndinkayendetsa ndili m'mvula imeneyo, kunja dzuwa likuswa mtengo. M'mutu ndinkamanga nyumba ya mawindo a galasi, kuipenta, kuigumula, kuimanganso chitseko chitayang'ana kuphiri osati kunyanja. Che Amidu ankandigunda ndi chigongono: "Bwerera, wapita kuti? Giya yachitatu iyo ikulira." Ndinkabwerera, koma osati ndense.

Mwezi wachitatu anandisiya ndekha, ndipo ndinayenda bwinobwino, osakanda galimoto, osasochera, mapepala onse osainitsa katundu ndikubweza ali oyera. A Mbewe anafika ponena kuti, "Mnyamata wa ku Malindiyu ali ndi dzanja." Mawu amenewo anandilowa m'mutu kuposa mmene anayenera.

Tsiku lovuta linali Lachinayi, mwezi wa Okutobala, kutatsala masiku asanu kuti pulobeshoni ithe. Ndinali ndi makatoni khumi ndi awiri opita ku gulu la amayi ku Katuli, amene ankayamba kumene kuweta nkhuku. Lole ya mumzinda inachedwa, moti ndinanyamuka dzuwa litakwera kale. Fani imodzi inali itafa m'mawa womwewo. Makaniko anati yotsalayo ikwanira bola ndisaime panjira, chifukwa galimoto ikamayenda mphepo imalowa yokha m'mazenera a m'mbali.

Ndinawoloka mlatho wa pa Shire, n'kuyamba kukwera phiri la Chowe ndi giya yachiwiri. Pakona ina yopapatiza ndinapeza mzere wa magalimoto. Lole ya feteleza inali itafera chopingasa, kutseka msewu wonse. Anthu anali atatsika m'maminibasi, ena atakhala pamiyala, ena akukangana za mmene angaikokere. Mphepo kunalibe ndi pang'ono pomwe, masamba ali zii.

Patapita mphindi makumi atatu kulira kwa kumbuyo kunasintha. Sinalinso mvula ija, kunali kukuwa. Ndinatsegula chitseko, mpweya wotentha unandimenya kumaso. Nditasuzumira pabowo ndinaona anapiye atayasamula, mapiko atatambasula, akupondana. Ndinatulutsa foni, netiweki inalipo, dzina la Che Amidu lili pomwepo pansi pa chala changa. Koma ndinaganiza: masiku asanu okha, ndiye a Mbewe amve kuti mnyamata wa dzanja uja amaimba foni kufunsa za kutentha? Ndinaibweza m'thumba.

Za kutentha ndinkadziona ngati katswiri. Ndinakula ndikuperekeza amayi kumsika, ndipo chambo chikafuna kuonongeka ndi dzuwa tinkachita chinthu chimodzi: kunyowetsa matumba, kufunditsa dengu lonse bwinobwino, kufinyira m'mbali kuti mpweya wotentha usapeze polowera. Nsomba zinkafika pa boma zili zozizira, maso ali ngwee. Pansi pa mpando panali matumba akale a ziguduli, ndipo chakumunsi kwa msewu kunali kamtsinje kotsala madzi pang'ono. Ndinatsika kawiri, kuwaviika, kubwera nawo akudontha. Ndinasunthira makatoni pamodzi, kuchotsa mipata ija kuti thumba limodzi likwanire awiri, n'kufunditsa pamwamba ndi m'mbali, kufinyira m'makona monga amachitira amayi. Matumba anali asanu, choncho makatoni awiri a kuchitseko anatsala osafunda, ndipo ndinawamvera chisoni. Kenako ndinatseka chitseko kuti kuzizira kusathawe.

Bambo wina wa njinga amene ankandionerera anati, "Koma achimwene inu ndinu osamala." Ndinamwetulira ngati ndalandira kale kalata.

Msewu unatseguka patapita ola lina. Pamene ndinkafika pamwamba pa phiri, phokoso linali litatsika kwambiri. Nditasiya phula n'kulowa msewu wafumbi wa ku Katuli, kunangotsala timawu tochepa chakuchitseko. Ndinati, eya, apeza bwino, agona. Ndikuuzeni zoona, ulendo umenewo ndi umene ndinasangalala nawo kuposa maulendo onse. Kumtunda kuja kamphepo kanayamba kulowa pazenera, minda ili yolimalima kudikira mvula, utsi wa zinyalala ukukwera mowongoka, mapiri a ku Mozambique akuoneka ngati akuyandama. Ndinkaona a Mbewe akuitana madalaivala onse kuti, "Bwerani mudzamve nzeru za Barnaba." Ndinkaona Che Amidu akundiika khadi m'thumba la malaya. Ndinaimba nyimbo za kwaya ya kwathu, mawu a tenala ndi a besi omwe, ndekhandekha. Sindinaime ngakhale kamodzi.

Amayi a gulu lija anandimva ndili patali. Ndinawapeza ataima pamsewu, mipango yawo ili yofanana, nthungululu zili pakamwa. Khola anali atalizira, pansi atayala mankhusu a mpunga, tomwera madzi titandandalikidwa. Wapampando wawo, Abiti Yusufu, anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Takulandirani, baba. Tadikira kuyambira m'mawa, ena sanapite n'kumunda komwe."

Ndinatsegula chitseko monyadira. Fungo ndi limene linayamba kundiuza. Matumba aja anali otentha ngati achotsedwa pamoto, makatoni atafewa ndi nthunzi. Abiti Yusufu anakweza thumba loyamba, natsegula katoni. Anapiye anali ataunjikana m'makona, nthenga zitanyowa, makosi atagwa. "Subuhanallah," anatero chapansipansi. Anatsegula lachiwiri, lachitatu. Nthungululu zinazima mmodzimmodzi, kuyambira amene anali pafupi mpaka a kumbuyo omwe sankaona. Mayi wina anayamba kutola anapiye amene ankagwedezabe miyendo, kuwauzira mpweya kukamwa, kuwaika pachitenje.

Makatoni awiri a kuchitseko aja anali amoyo, akulira ndi njala. Abiti Yusufu anawayang'ana, nayang'ana matumba, kenako ine. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Baba, matumbawa munafunditsa ndinu?"

"Ndine, mayi. Kunatentha paphiri."

"Ndiye amene simunawasamale ndi amene apulumuka."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Anasaina pepala la makatoni awiri, n'kundithandiza kukumba dzenje kuseri kwa khola. Pobwerera vani inali yopepuka, ndipo ndinalira kuyambira ku Katuli mpaka paphula, kulira kwenikweni kwa mamina.

Lolemba anandiitana mu ofesi. Che Amidu analowa nane, ngakhale lamulo silinkawakakamiza popeza ndinali ndisanakhale membala. A Mbewe anapukuta khosi, n'kufunsa mafunso atatu okha.

"Foni unali nayo?"

"Ndinali nayo, bwana."

"Netiweki?"

"Inalipo."

"Atasiya kulira, unaganiza chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti injini inkasokosa, sindinamve. Ndikanathanso kukankhira zonse pa fani ija. Koma pakamwa panatuluka zoona zokhazokha: "Ndinaganiza kuti agona, bwana. Ndinasangalala." Che Amidu anatsinzina.

Anayesetsa mkulu uja. Anakumbutsa a Mbewe kuti galimoto inatuluka ndi fani imodzi, kuti lole inachedwa, kuti iwonso monga mphunzitsi sanandiuzepo chochita msewu ukatsekeka: kutsegula zitseko zonse, kutsitsa makatoni, kuwayala pamthunzi motalikirana. Anapempha kuti andiwonjezere mwezi umodzi woyeserera. A Mbewe anavomera kuti za fani ndi mlandu wa depoti, ndipo amayi a ku Katuli awatumizira anapiye ena. "Za matumba ndikanakhululuka, Che Amidu, kusadziwa kumaphunzitsika. Koma munthu wayenda kuchokera pa Chowe mpaka ku Katuli, katundu wamoyo ali chete kumbuyo, osatsika kukasuzumira? Ndimupatsenso makiyi?" Che Amidu anasiyira pomwepo, ndipo ine sindinawadandaule. Ndinaika makiyi patebulo, n'kuvula ovolosi ya kampani.

Che Amidu anandiperekeza mpaka pageti. "Ukanakhala ndi khadi tikanalimbana mpaka kulikulu," anatero. "Koma ukanangondiimbira, mwana iwe, sitikanafuna n'khadi lomwe."

M'bwato la amalume ndinalowamo ndithu, miyezi isanu ndi itatu, ndikusanza anzanga akuseka. Lero ndimayendetsa lole ya sitolo ina ya zomangira pa boma, ndimanyamula simenti ndi malata, ndipo anzanga amanditcha Mafunso chifukwa sindinyamuka ndisanafunse mwini katundu kuti chimene chimauwononga n'chiyani. Ndikakayika panjira ndimaima n'kuimba foni, ngakhale ndioneke wopusa. Kulota sindinasiye, koma ndimalota galimoto ili pa handibuleki.

Phunzirolo silinandilowe mu ofesi ya a Mbewe ayi. Linandilowa masana a Lolemba lomwelo nditafika kunyumba. Ndinapeza amayi akuyanika usipa pathandala, ndipo ndinawafotokozera zonse, za lole ya feteleza, za kamtsinje, za mmene ndinafinyira m'makona. Ndinamaliza ndi mawu odziteteza, mwina ndinkafuna wina andigawireko mlandu.

"Ndinachita ndendende mmene munandiphunzitsira inu, amayi."

Anasiya usipa, napukuta manja pachitenje, n'kundiyang'ana ndi maso achisoni.

"Barnaba mwana wanga, nsomba zija timazifunditsa zitafa kale."