Oyilo wa ku Lilongwe pa Mphanda za Apongozi

Anthu a kwa Lukwa amamudziwa Esau ndi khosi lake. Akamayendetsa kalole kake, mutu amaupendeketsa kumanzere ngati nkhuku yoyang'ana kabawi, ndipo ukamupatsa moni pamsewu amangokweza dzanja. Si kunyada ayi. Amakhala akumvetsera injini.

Esau si wobadwira kuno. Anachoka ku Phalombe ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pamwamba pa lole yonyamula matenanti, atakhalira thumba la mapoto a mayi ake. Anakulira pa esiteti ina cha kwa Kaomba, akusoka fodya mpaka zala kuda bii. Atakula anayamba kutsuka thirakitala, kenaka kuiyendetsa, kenaka anampatsa kalole ka pa esitetipo, n'kukayendetsa zaka khumi ndi chimodzi. Eni malo atachepetsa ntchito, Esau anatenga ndalama zomutsanzikira, anagulitsanso ng'ombe zake ziwiri, n'kugula kalole komweko.

Tsiku lopereka makiyi, manijala anamupatsanso kabuku kachikuto chabuluu.

"Esau, galimoto iyi yakalamba, koma taona zidindozi," anatero manijalayo. "Chidindo chilichonse ndi sevisi ya ku kampani imene inatigulitsa, ku Lilongwe. N'chifukwa chake injini ikadali moyo. Tsiku limene udzaphonye chidindo, uyambe kufunsa mtengo wa ngolo."

Mwina ankangocheza. Koma Esau mawuwo anawameza osatafuna. Kabukuko anakakulunga m'pepala la pulasitiki n'kukaika pamodzi ndi khadi la ubatizo. Kawiri pachaka ankapita ku Lilongwe, ngakhale anzake ankamuseka kuti akutaya ndalama, pamene Aloysius, makaniko wa pa Chamama, amasintha oyilo pansi pa mtengo wa mango munthu akudya chimanga chootcha.

Esau amakhala chikamwini kwa mkazi wake Dorika, ndipo ali ndi mwana mmodzi, Fainala. Bambo a Dorika, a Samsoni, ndi mlimi wa fodya wa bale, munthu wosayankhulayankhula, ndipo maso awo ayamba kuchita khungu. Pakati pa awiriwa panali kamwambo. Esau akapita ku sevisi ankapempha anyamata a ku kampani kuti oyilo wakale, wakuda uja, asataye, amuthirire m'chigubu. Iwo ankaseka, komabe ankamuthirira. Akafika kumudzi chigubucho ankachiika pakona ya chigafa cha apongozi, osanena kanthu. A Samsoni nawo ankachitenga osafunsa, n'kupaka kumatsinde a mphanda kuti chiswe chisadye. Kuno mitengo inatha kalekale, mphanda imodzi amaisamala ngati mwana. Zaka zinayi zinatha chonchi, mkamwini ndi apongozi akugwirizana popanda liwu.

Chaka chimene ndalama ya kwacha inagwa mphamvu, Esau anachedwa. Pagalasi lakutsogolo panali kapepala kolemba nambala ya makilomita imene ayenera kubwerera ku sevisi. Nambalayo inakwana mvula isanathe, nthawi imene kulibe mlimi wolipira galimoto. Inadutsa ndi makilomita mazana atatu, kenaka asanu ndi anayi. M'mawa uliwonse Esau ankasolola kachitsulo koyezera oyilo, n'kutikita dontho pakati pa zala. Oyiloyo anali atapyapyala ngati madzi otsukira mbale. Ndipo injini ikazizira panali kaphokoso, ti-ti-ti, kamene Dorika sankakamva koma Esau ankakamva ngakhale ali m'tchalitchi.

"Bambo a Fainala, mukudwala kodi?" Dorika anafunsa Lamulungu lina. "Nyimbo yonse ija mwangoyang'ana pawindo."

"Injini ikafa, ife tafa," Esau anayankha. "Ndidzabwerera kokasoka fodya wa eni ake. Ndi msana uno?"

Lachinayi la sabata imeneyo anali atalonjeza alimi a kalabu ya m'mudzimo kuti adzawanyamulira mabelo khumi ndi anayi kupita ku msika wa Chinkhoma. Ulendo woyamba wa chaka ndi umene umakuitanira ina. Ukaphonya, alimi amatenga nambala ya dalaivala wina, ndipo sabwerera. Koma kukweza katundu wotere pa oyilo wotha, m'misewu ya mchenga, kunali ngati kutuma nkhalamba kukasenza mtondo.

Lolemba anapeza wamalonda wofuna kupititsa mtedza ku Lilongwe. Anamunyamulira, akuyenda pang'onopang'ono, khosi lili pendeke njira yonse. Atatsitsa katundu, m'thumba munali K150,000. Chaka chathachi imeneyi inkakwana sevisi, n'kutsalako ya sopo.

Ku kampani kunali kozizira, pansi pakuwala moti Esau anapukuta nsapato kawiri. Mayi wa pa desiki, dzina lake Maureen monga linalembedwa pachifuwa, anagogoda pa kompyuta.

"Bambo, sevisi yonse ikukwana K340,000."

Esau anaseka pang'ono, kuyesa sanamve. "Pepani mayi, mwina mwaphatikiza ndi matayala?"

"Ayi bambo. Oyilo, fyuluta ndi ntchito basi. Zonsezi timagula kunja, mukudziwa mmene zinthu zilili."

Pafupifupi belo lathunthu la fodya. Esau anatulutsa kabuku kaja, n'kukafunyulula m'pulasitiki.

"Nanga chidindo chokha?"

Maureen anamuyang'ana mwachisoni. "Chidindo sitigulitsa, bambo. Koma pitani khomo lachiwirilo, amagulitsa oyilo yemweyo. Mukathire kwanu."

Anagula chigubu cha malita asanu chomata pakamwa, K95,000, ndi fyuluta K38,000. Chigubucho anachikhazika pampando wakutsogolo, n'kuchimanga lamba ngati munthu. Njira yonse ankadzilimbitsa mtima kuti bola oyilo ndi wa ku kampani, injini sidziwa kuwerenga zidindo.

Anafika dzuwa likulowa. M'nyumba mwawo Fainala anali pa msinkhu wotsegula chilichonse, dzulo lake anali atathira mchere wonse m'ndowa, choncho chigubu sichikanalowa m'menemo. Esau, mutu uli ku mtengo wa sevisi, miyendo inangomutengera kumene inazolowera. Chigubu chija anachiika pakona ya chigafa cha apongozi.

Lachiwiri m'mamawa sanafune kulizanso injini pachabe. Anabwereka njinga n'kupita kukamutenga Aloysius. Makanikoyo anali pansi pa minibasi, ndipo anatuluka dzuwa lili pamutu.

"Aaa, bwana wa ku Lilongwe!" anakuwa Aloysius. "Lero mwatikumbuka ife a pansi pa mango? Kapena kumeneko ayamba kulipiritsa ndi mpweya wozizira omwe?"

"Tiyeni akulu, nthabwala tikachita injini ikamwa."

Anakweza njinga ija pa njinga yamoto ya Aloysius n'kubwera onse. Akulowa pakhomo, Esau anamva fungo. Silinali fungo lopserera la oyilo wakale. Linali fungo la ku khomo lachiwiri lija.

Kuseri kwa chigafa, a Samsoni anali atanyonyomala, chisanza m'manja, beseni lakale pambali. Mphanda zatsopano khumi ndi ziwiri zinali ndandanda pansi, matsinde ake akunyezimira ngati uchi. Chigubu chinali chogona cham'mbali, pakamwa podulidwa ndi mpeni.

Esau ananyonyomala chapatali monga amachitira mkamwini, chipewa m'manja.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Taswera, akamwini, kaya inu." A Samsoni anamwetulira, chinthu chosowa. "Koma ulendo uno mwatibweretsera wabwino. Sakudetsa m'manja n'komwe. Akulowa mumtengo ngati mafuta odzola. Anyamata a m'tauni ayamba kusefa eti? Anamatanso pakamwa kuti asatayike m'njira, anzeru ndithu."

Aloysius anatsegula pakamwa. Esau anamuyang'ana kamodzi kokha, ndipo makanikoyo anatembenuka n'kuyamba kutsokomola.

Mumtima mwa Esau mawu anali piringupiringu. Koma anganene chiyani? Munda umene amadyapo ndi wa kuno. Malo amene kalole kamagona ndi a kuno. Ndipo ndani anaika chigubu pakona ija? Zaka zinayi chigubu cha pakona chinali cha apongozi, palibe tsiku anafunsapo. Munthu wamkulu, maso akuchita khungu, ungamuuze pamaso pa mlendo kuti wapaka K95,000 pamitengo?

"Zikomo bambo," anatero Esau. "Bola chiswe chisadye."

M'beseni munatsala mwina kapu ziwiri, zosakanikirana ndi mchenga ndi makungwa. Aloysius anasuzumiramo, n'kupukusa mutu.

"Madzi akatayika saoleka, achimwene," ananong'ona ali pa kalole. "Uyu musayese, mchenga umodzi wokha injini yagona. Kwa ine oyilo alipo, womata bwinobwino, K80,000. Si wa ku kampani kwanu, koma minibasi zonsezi zikumwa yemweyo. Mukapeza mundiimbire."

M'thumba mwa Esau munatsala K17,000. Madzulo amenewo sanadye. Anakhala pa tayala lakale, kabuku kabuluu pabondo, akuwerenga zidindo ngati ziwonjezeka. Dorika anabwera n'kukhala pansi pafupi naye, Fainala ali kumsana.

"Mwatani inu? Aloysius wabwerera osagwira sipanala."

Esau anamuuza, motsitsa mawu. Dorika anagwira pakamwa.

"Ndikawauza."

"Ayi, mayi a Fainala. Achita manyazi. Cholakwa n'changa."

"Ndiye Lachinayi mukanyamula mabelo pamutu? Mwa mabelo amenewo atatu ndi a bambo omwewo. Inu ndinu mkamwini, ine ndine mwana wawo. Pakamwa panu m'pomangika, panga ayi."

Dorika ananyamuka Esau asanayankhe. Esau anamuona akulowa kukhitchini kwa mayi ake, ndipo patapita nthawi a Samsoni anaitanidwa. Panalibe kukuwa. Esau akanakonda kuti pamveke kukuwa. Ankaganiza za mawa, mmene adzapatsirane moni, ndiponso za ti-ti-ti uja ali pakati pa dambo ndi fodya wa anthu kumbuyo.

Lachitatu kutacha anatuluka kukayeza oyilo monga mwa masiku onse. Pa bampala ya kalole panali patamangidwa mbuzi. Inali tonde wofiira wa a Samsoni, amene ankamusungira chinkhoswe cha mwana wawo wotsiriza. Eni ake anali kale ku chigafa, atapereka msana, akukumba dzenje la mphanda.

Esau anapita n'kunyonyomala chapatali.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka." Khasu silinaime. "Mbuzi imeneyo ikundithera chinangwa. Kaichotseni."

"Bambo, ine..."

"Nanenso ndinabwera chikamwini pamudzi pano, zaka makumi anayi zapitazo," anatero a Samsoni, osatembenuka. "Ndinathyola khasu la apongozi anga, n'kukhala mwezi wathunthu ndikulima ndi mpini womanga ndi luzi, kuopa kunena. Fulumirani, ogula mbuzi pa Chamama sachedwa kumwazikana."

Tonde anagulidwa K85,000. Masana Aloysius anagona pansi pa kalole, oyilo wakuda n'kuchucha m'beseni. Anamanga fyuluta ya ku Lilongwe, n'kuthira oyilo wa pa Chamama. Atatha, Esau anatulutsa kabuku n'kuyang'ana bokosi lopanda chidindo.

"Bweretsani kuno," anatero Aloysius. Analemba tsiku ndi makilomita, kenaka anadinda chala chake chamafuta pakati pa bokosilo. "Chidindo cha pansi pa mango. Chaulere."

Esau anayesa kuseka, koma sizinatheke bwino. Oyilo wakuda uja anamuthira m'chigubu chodulidwa pakamwa, n'kuchimanga kansalu kofiira pachogwirira kuti chisadzasokonezekenso ndi cha oyilo watsopano, n'kukachiika pakona ya chigafa.

Lachinayi anakweza mabelo khumi ndi anayi. A Samsoni anaima pamphepete pa msewu, manja kumbuyo. Dorika anafunsa pawindo ngati kaphokoso kaja katha.

"Kachepa," anatero Esau.

"Kachepa kapena katha?"

Esau anaponda moto pang'onopang'ono, kalole n'kulowa mumchenga wa ku Chinkhoma, khosi lake lili pendeke kumanzere.