Mikanda Yanga M'chiuno mwa Mng'ono Wanga

Pamene ndinkafotokoza zimenezi panali mlongo wanga Yotamu, amene tsopano ndiye mwini mbumba, mwana wanga woyamba Rozi, ndi mdzukulu wanga Tamara, mwana wa Roziyo, amene walowa gulu la zisudzo. Inu owerenga, kulakwa kwanga n'kwakuti ndinatulutsa mwambo wa kuchipinda n'kuuika pamaso pa anthu, ndipo ndinatayapo banja ndi mbiri yomwe.

Zinali m'zaka za chipani chimodzi, tikukhala ku komboni ya Matero. Amuna anga, bambo a Rozi, ankagwira ntchito ku fakitale, ndipo Loweruka masana tinkachita zisudzo mu holo. Popeza ndinafika ku sekondale, wolemba ndinali ine. Ndinalemba sewero la mwamuna amene asiya mkazi wake chifukwa cha chibwenzi, kenaka n'kubwerera kudzapepesa. Atcheyamani a chipani analivomereza, nati likuphunzitsa makhalidwe.

Mwamuna wa m'seweromo anali amuna anga, mkazi ndinali ine. Koma nditaima, mimba inakula, ndipo malo anga ndinapatsa Esinati, mwana wa amayi aang'ono, amene mwa mwambo wathu ndi mng'ono wanga. Anali asanakwatiwe, ndipo ankasewera mouma. Pofuna kuti sewero likome, ndinamuphunzitsa zimene alangizi anandiuza ine polowa m'banja: kagwadidwe, kayang'anidwe, ndi mmene mkazi amayankhulira ndi mwamuna wake popanda mawu. Ndinamubwereka ngakhale mikanda yanga ya m'chiuno kuti aziikoleka pa bedi la pa siteji. Ndinkawaimika iye ndi amuna anga pabalaza panga, n'kumawauza ndekha kuti ayandikane.

Tsiku langa litafika, mwana anakana kutuluka. Inu owerenga, mukudziwa zimene akuluakulu amanena zikatero: mwamuna kapena mkazi wake wayenda kumbali. Apongozi anga ndi alongo a amuna anga sanafunse mwana wawo. Anandizungulira ine, chifukwa ndinali mkazi wa zisudzo, wogwidwa mkono ndi amuna pagulu.

"Kamba chabe, ni ndani? Uzapaya mwana," ankatero apongozi.

Ndinalibe dzina loti nditchule. Esinati anali pomwepo, akundipukuta thukuta. Akuchimunawo anandipititsa kuchipatala mochedwa, ndipo mwana wanga wamwamuna anabadwa atafa kale.

Patapita miyezi, sewero linachitikanso, ndipo ndinakakhala kumbuyo. Pa bedi panalibe mikanda. Pamene Esinati anagwada kulandira mwamuna wolapayo, chitenje chinamasuka, ndipo mikanda yanga ndinaiona m'chiuno mwake. Amuna anga anamumangira chitenjecho osayang'ana n'komwe, ndi dzanja lozolowera. Zimenezo sindinalembe ine. Holo yonse inalulutira, ndipo mayi wina pafupi nane anati, "Aba beve ni ngati bokwatirana zoona."

Pasanapite nthawi mimba ya Esinati inaonekera. Amalume anandiletsa kupita kukhoti, nati wachibale satengeredwa kubwalo. Ndinamvera. Amuna anga ndi Esinati anasamukira ku Chawama, ndipo sewero langa anapitiriza kulichita, anthu akuomba m'manja. Amene anandiumiriza kuulula sanabwere kudzapepesa. Kufikira lero kuchimuna amati mwana anaphedwa ndi zisudzo za amake, ndipo Rozi anakula akumva zimenezo.

Sindikunena kuti zisudzo n'zoipa, ndipo Tamara sindinamuletse. Koma inu akazi anzanga, zimene alangizi anakupatsani musaphunzitse nazo munthu amene adzaima ndi mwamuna wanu, ngakhale mutayamwa bere limodzi. Ndipo inu amene mumazungulira mkazi pa nthawi yake, thamangirani naye kuchipatala. Ngati funso likuyabwani, kafunseni mwamuna amene ali panja.

Ndakhala chete chifukwa cha ubale, koma onse atatu, amalume, amuna anga ndi Esinati, anatsogola osandiyeretsa. Yotamu, Rozi, sungani mawu awa. Tsiku limene wina adzanene pamaliro anga kuti ndinapha mwana wanga, muwawerenge mokweza.