Kupatukira Apongozi Pansanja

Chaka chimene Mmwenye wina ankamanga nyumba yosungiramo mpunga pafupi ndi doko la Kota Kota, nthawi ya atsamunda, ine n'kuti nditangokwatiwa kumene. Amuna anga anali mkamwini kwathu, ndipo ulemu wawo unali wotopetsa. Akangoona amayi akubwera m'njira, ankapatukira kutchire, kaya muli chitedze kaya minga, n'kunjuta atayang'ana kumbali mpaka apongozi adutse. Awiriwo anali asanalankhulanepo. Mawu onse ankadzera mwa ine, ngati ndine mesenjala wa ku boma.

Tonse awiri tinalembedwa ntchito pa chimangocho, iwo yopatsira amisiri njerwa, ine yoponda matope. Khoma litatalika, anaimika nsanja ya mitengo yomanga ndi luzi, pamwamba n'kuyalapo matabwa opapatiza, oti anthu akakumana ankadutsana chammbali. Kumbuyo kunalibe chotchinga chilichonse. Ndinawauza akapitawo kuti amangeko nsungwi yopingasa yoti munthu akadzandira azitsamira. Amvekere zimenezo n'zotaya nthawi, ndiponso mkazi wa matope m'miyendo asaphunzitse amuna kumanga. Ndinatsonya mokweza kuti amve.

Kenako amayi nawo anadzalembedwa yotunga madzi kunyanja. Ndinawachenjeza amuna anga kuti kumwambako kulibe tchire lopatukirako. Anandiseka, ati apongozi sakwera makwerero. Sankawadziwa bwino amayi, munthu woti ankakwera mumtengo wa mango mwana ali kumsana.

Tsiku lina mwera ukuwomba, mmisiri wamkulu anakuwa kuti njerwa zauma, akufuna madzi. Amayi sanadikire kuti wina awalandire. Anasenza ndowa, awo pa makwerero. Ine ndili m'matope pansi, ndinangoona mutu wawo watulukira pa matabwa, uku amuna anga akubwera chakomweko atanyamula njerwa.

Miyendo ya amuna anga inachita zimene inazolowera. Anayang'ana kumbali, n'kupatuka mwaulemu wonse, phazi n'kuponda mphepo. Njerwa zinagwera m'matope pafupi nane, phwa! Mwamwayi anakolekera mkono pa mtengo wopingasa wa kunsi kwa matabwa, n'kumalendewera ngati mlamba pa mbedza. Koma abale inu, nkhope anali atatembenuzirabe kumbali, kuopa kuonana maso ndi apongozi.

Ndinakalipa mawu oti sindingawalembe pano. Amisiri anali kumapeto kwa khoma, akubwera monyang'ama chifukwa nsanja yonse inali kugwedera. Wapafupi anali amayi okha. Anatula ndowa, anagona chafufumimba pa thabwa n'kutambasula dzanja. Amuna anga osaligwira. Luzi la mtengo uja linayamba kulira, ine n'kudziona ndili wamasiye ukwati usanathe n'komwe chaka. Mantha anandigwira, koma mkwiyo ndiye unaposa, poti munthu angafe bwanji ndi ulemu dzanja lili pamphuno pake?

Pamenepo amayi analankhula, mawu awo oyamba kwa mkamwini wawo:

"Bambo, gwirani dzanjali. Mwana wanga sindinamulerere umasiye. Manyazi tikachitira pansi."

Anagwira. Amayi anakanirira mpaka amisiri anafika n'kuwakokera amuna anga pa matabwa ndi kabudula yemwe. Atatsika ndinalira kaye, ndiyeno ndinawagenda amuna angawo ndi matope kumsana.

Akapitawo sanandipepese, amuna a nthawi imeneyo kupepesa sankakudziwa. Anangotuma anthu kukadula nsungwi, ndipo tisanaweruke chotchinga chinali chitamangidwa nsanja yonse, luzi lonyowetsa bwino, mfundo iliyonse akuikoka okha ndi manja awo. Analamulanso kuti aliyense wokwera makwerero aziyamba waodira ngati pakhomo pa munthu. Ine ndinkaponda matope anga ndikuimba chapafupi, n'cholinga choti adziwe kuti ndikuona.

Za manyazi okachitira pansi zija sizinachitike. Umesenjala wanga unathera pa nsanja ija, moti masiku otsatira ndinkawapeza awiriwo akundijeda pakhonde, ati ndili ndi pakamwa. Patapita zaka, maso a amayi atachita khungu, sankalola kuti ine ndiwatsogolere, ati ndimawakoka ngati mbuzi. Ankaitana mkamwini wawo, n'kutambasula dzanja lomwe lija, ndipo amuna anga ankaligwira osadikira kuuzidwa.