Pampu ya m'boti m'dimba mwa amayi

Kanali kachinthu kofiira pamwamba, koyera kunsi, kukula kwake ngati papaya wamng'ono. Kunsiko kunali timipata ngati mano a chipeso, ndipo m'mbali munkatuluka timawaya tiwiri tatifupi. Amalume anabwera nako atakakulunga m'malaya kuchokera ku Nkhotakota, kumene anagwira ntchito zaka zingapo m'boti la injini lonyamula anthu. Botilo litatha ntchito, anzawo anagawana matabwa ndi zingwe. Iwo anasankha pampu, yotulutsira madzi amene amalowa pansi pa boti kuti lisamire.

Kwathu ndi kumapiri, kuseri kwa Malomo, ndiye mungaganize nokha mmene anthu anasekera. Ankawafunsa amalume ngati boti lake likubwera pambuyo pa njinga. Amayi sanaseke nawo. Kwa iwo, mchimwene wawoyo anali atabwerako chimanjamanja, ndipo ankanena zimenezi mwini wake akumva.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Abambo anali atatisiya kalekale, ndiye dimba linali m'manja mwa amayi. Chaka chimenecho dzuwa la Okutobala linang'amba dambo lonse, chitsime chathu chinatsala phala la matope, ndipo mbande za fodya pa nazale zinayamba kuwerama. Panalibe kuchitira mwina koma kukumba chitsimecho kuti chipite pansi. Vuto lake aliyense wokumbapo chitsime amalidziwa. Ukangokumba pang'ono, madzi amasonkhana m'mapazi, khasu limangosambira, tsiku n'kuthera pokapa ndi ndowa. Amalume anati chitsime ndi boti lomwe, kungoti chinaima chilili: madzi ali m'kati, ife tikuwafuna kunja.

Anabwereka batire ya galimoto kwa bambo wina wotchaja mafoni, napeza paipi yakuda yaitali. Mawaya a pampu sakanafika pamwamba, choncho anawalumikiza ndi ena otoleza, wina wofiira, wina wakuda, n'kukulunga polumikizapo ndi malegeni kuti madzi asalowe. Polumikiza sanayang'ane kuti uyu akupita pati. Atayesa koyamba, wofiira pa pulasi monga amachitira aliyense, pampu inalira bwinobwino koma paipi inangokhala gwa, osatulutsa ngakhale dontho. Anakanda mutu, nasinthanitsa mawayawo pa batire, ndipo madzi anatumphuka mpaka kundinyowetsa diresi. Pampu yotere ukaitembenuzira mawaya imazungulira chobwerera, imalira ndithu koma madzi siikweza. M'malo momasula malegeni aja, amalume anangomanga mfundo pa waya wakuda. Anandiuza kuti, "Usamayang'ane mtundu, uziyang'ana mfundo. Wa mfundo pa mtanda." Mtandawo ankanena chizindikiro cha pulasi chija.

Masiku otsatira pampuyo inatizunza ngati mwana wodwaladwala. Inatsamwa ndi matope ndi udzu, amalume n'kuitsegula kunsi, kuitokosa ndi kamtengo, kenako kuikhazika m'kadengu ka amayi kotsukira nyemba, mwala pamwamba. Tsiku lina inameza mpweya, anachita kuigwedeza pansi pa madzi mpaka itabzikula. Ntchito yanga inali kukhala pafupi ndi batire, khutu lili tcheru. Kulira kwake kukakwera, ndiye kuti madzi atha pansipo, ndichotse waya isanapse. Ndinkanyada ndi ntchito imeneyi kuposa sukulu.

Amayi okha mtima sunkakhala pansi. Chaka chapitacho munthu wina pa Malomo anafa ataponda waya wa magetsi wogwera m'madzi a mvula, ndipo iwo anauona mtembo wake ndi maso awo. Amalume ankawaseka, n'kugwira mitu iwiri ya batire ndi zala zonyowa kuti aone kuti awa si magetsi a pa pholo. Amayi ankangoyankha kuti magetsi ndi magetsi. Sindiwaimba mlandu. Munthu amaopa chimene anachiona.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa litayamba kale kuluma. Chitsime chinali chitafika poti anthu awiri atasanjikizana sakanaoneka mutu. Ndinamva amalume akufuula mokondwa pansipo kuti aboola kasupe. Ndinasuzumira, n'kuona madzi oyera akutumphuka m'mbali mwa khoma. Chimwemwecho sichinathe ndi mphindi zomwe. Khoma lonyowalo linafufuma, kenako linagumuka lonse mbali imodzi, khu! Fumbi litachepa ndinaona amalume atakwiririka mpaka pachifuwa, mikono ili pamwamba, kadengu ka pampu kali pambali pawo, madzi akusonkhana mowazungulira.

Amayi anataya kheni yothirira n'kuthamanga. Chimene anaona iwo si dothi ayi, anaona mawaya akulowa m'madzi pafupi ndi chifuwa cha mchimwene wawo. Anakuwa kuti mayo, achimwene afa ndi magetsi, nazula mawaya onse awiri pa batire n'kuwaponya kutali. Pampu inati zii.

Anthu a m'madimba oyandikana anafika ali wefuwefu. Anaponya chingwe, amalume anachikoleka m'khwapa, amuna anayi anakoka. Kukuwa kumene kunachokera pansipo sindikufuna kukumvanso. Miyendo inali itapanidwa. Bambo wina wochepa thupi anatsitsidwa kuti afukule ndi manja, koma pamene wafukula madzi ankabweza matope pomwepo. Anayesa kukapa ndi ndowa, koma ndowa ikagunda khoma dothi lina linkagwa, ndipo kasupe uja sankadikira munthu. Madzi anadutsa pachifuwa n'kufika m'mapewa. Amalume ankapuma movutika, mawu akutuluka pang'onopang'ono: pampu, pampu.

Pakati pa anthuwo panali aphunzitsi, a kalasi yanga yomwe, amene dimba lawo linali kumunsi kwa lathu. Anali munthu wabwino, wodekha, ndipo mudzi wonse unkawafunsa za makalata ndi za mankhwala a mbewu. Anawauza amayi kuti batire siipha munthu, ndipo mawu amene amayi anawakana kwa mchimwene wawo anawalandira kwa aphunzitsi. Aphunzitsiwo anatola mawaya aja. "Wofiira pa pulasi, wakuda pa mainasi," anatero, "zimenezi n'zosachita kufunsa." Pampu inalira, anthu anapumira m'mwamba, maso onse ali kukamwa kwa paipi. Palibe chinatuluka.

Apa ndiye aliyense anasanduka makaniko. Wina anauzira mpweya m'paipi, wina anaitukula, wina anaigwedeza. Bambo wa pansi uja anapapasa kadengu n'kunena kuti timipata tonse n'totsegula. Aphunzitsi anati ndiye kuti batire yafooka, ndipo wina anakwera njinga kukafuna ina pa Malomo, ulendo umene ngakhale wothamanga sakanabwerako msanga. Madzi anali atafika m'khosi.

Ine ndinkadziwa. Mfundo ija ndinkaiona ndi maso angawa, ili pa mainasi, posayenera. Ndimati ndikakumbukira kamtsikana kameneko, kataima apo manja ali kumbuyo, ndimapsa mtima mpaka lero. Koma ndani anakalera choncho? Tinakula tikuuzidwa kuti pa akulu mwana salankhula, kuti wamkulu salakwa, ndipo mtsikana akafuna kunena kanthu ayambe wagwada. Ndinagwadadi, m'matope momwemo, n'kunena ndi timawu tapansipansi kuti aphunzitsi, amalume amati... Sindinamalize. Bambo wina anandikalipira kuti ana achoke apa, akufuna agweremonso wina? Ndipo abale inu, ndinachoka. Ndinadzuka mwaulemu n'kubwerera m'mbuyo, amalume anga akumira.

Ndinazungulira mbali ina ya chitsime n'kusuzumira. Amalume anali atapendeketsa mutu chagada ngati nkhuku ikamamwa, madzi akunyambita chibwano. Sakanathanso kulankhula, akatsegula pakamwa madzi ankalowa. Maso awo ankayendayenda pa nkhope za pamwambapo mpaka anapeza yanga, ndipo anaima pomwepo osaphethira.

Zimene ndinachita sindinaziganize. Ndinadutsa m'miyendo mwa anthu chokwawa, ndinafika pa batire, ndinamenya dzanja la aphunzitsi kuti pha! Ndinawalanda mawaya. Ndipo pamaso pa mudzi wonse ndinakuwa kuti, "Simukudziwa inu!" Wina anandiwomba khofi kunkhongo, wina anandikoka khutu, koma ndinali nditapanikiza kale wa mfundo pa mtanda, winayo pa mainasi, ndi zala zanga zomwe, chifukwa zopanira mawayawo pa batire zinali zitatayika pamene amayi anaponya mawaya. Paipi inatsokomola, inagwedezeka, n'kulavula madzi a matope pa thalauza la aphunzitsi. Dzanja limene linagwira khutu langa linamasuka lokha.

Kunkangomveka madzi akukhuthukira m'mizere ya nazale. Mawaya anayamba kutentha, ndinamva zala zikupsa, koma ndinaluma mlomo osasiya. Bambo wa pansi uja ankatiuza mmene madzi akutsikira: achoka pachibwano, afika m'khosi, mapewa aoneka. Batire yochokera ku Malomo inafika yathu itayambadi kufooka, ndipo poisintha aphunzitsi sanagwireko, anangoima chapatali. Amuna anafukula ndi manja ndi mbale, mosinthana, mpaka dzuwa linapendeka. Amalume anatuluka ali mbuu ngati chinangwa chosenda, mwendo wamanzere utathyoka, koma akupuma. Anawanyamula pa ngolo kupita kuchipatala.

Mukuganiza kuti m'mudzi ankakamba za pampu? Ayi ndithu. Nkhani inali ya mwana wa uje amene wamenya aphunzitsi. Amayi ena ankati ndi mmene amathera ana oleredwa popanda bambo. Za amene anazula mawaya poyamba palibe anatchula, ndipo inenso sindinauze amalume mpaka tsiku limene amalumewo anamwalira, patapita zaka zambiri.

M'mawa mwake, titatuluka m'tchalitchi, amayi anagwira tambala wathu mmodzi yekhayo, nammanga miyendo, n'kundiuza kuti tiye ukapepese. Ndinawaonetsa matuza a m'zala zanga. Sanayang'ane. Kunyumba ya aphunzitsi tinagwada tonse awiri pakhonde, ndipo ndinanena mawu amene anandiphunzitsa m'njira, kuti ndinalakwa, ndinachita chipongwe, andikhululukire. Aphunzitsi anakana tambalayo, amayi anaumirira, iwo anakananso. Nthawi yonseyo ankayang'ana zala zanga, osati nkhope, ndipo potsiriza anangoti, "Mayi, chonde dzukani."

Pobwerera amayi anandigwira pamkono, tambala ali kukhwapa kwina. Anandifinya mpaka kuwawa. Njira yathu inkadutsa m'mphepete mwa dambo. Titafika poonekera dimba anaima, nayang'ana chitsime chogumukacho nthawi yaitali, madzi ali tho mpaka pamwamba penipeni pa pamene panali mutu wa amalume. Kenako, osanditembenukira, anati, "Iwe ukanakhala mwana womvera..."

Ndinadikira kuti amalize kundidzudzula, koma sanapitirize. Ndinaganiza kuti akwiya kwambiri moti asowa chonena. Ndinalira ndi ukali njira yonse mpaka kunyumba, ndikuyesa kusolola mkono wanga, ndikudabwa kuti munthu amene sakundifuna akundigwiriranji chonchi.