Njinga ya Zishalo Ziwiri

Achimwene a Binwelo, ndine mlongo wanu Nankhoma, kuno ku Perth. Akulemba ndi mdzukulu wanu Tadala, uja ali ku yunivesite ku Bentley, ine ndikungoyankhula. Munati ndimuone bwino munthu amene akufuna mwana wanga Esinati, ndipo inu monga nkhoswe simuyankha kanthu mpaka mutamva kwa ine. Ndamuona. Ndamuona kuposa mmene munthu amayenera kumuonera mnzake. Kalatayi muwerenge muli nokha, alamu anga mungowapatulirako pang'ono.

Dzina lake ndi Daleni, mzungu wamtali ngati mlongoti, amagwira ntchito m'nyumba zosungiramo katundu ku Kewdale. Anati akufuna andisangalatse ndisanabwerere kumudzi, tipite ulendo wa masiku atatu pa njinga kumapiri kumene amalima mphesa. Munthu ali ndi galimoto yabwinobwino pakhomo, achimwene. Kwathu munthu akapeza galimoto njinga amapatsa mphwake. Kuno amati akalemera ndiye ayambe kupalasa.

Tinanyamuka Lachisanu, ine, Esinati, Tadala ndi Daleni, sikisi koloko m'mawa, pa siteshoni ya Murdoch pafupi ndi chipatala chimene Esinati amagwirako unesi. Sitima yake palibe kondakitala, umangogunditsa kakhadi pa kabokosi, kalira, madola asanu apita osawaona n'komwe. Tinasintha sitima m'tauni n'kukatsikira ku Midland. Mpaka pamenepo ndinalibe dandaulo.

Pabwalo la siteshoni tinapeza anzathu a paulendo, anthu khumi, ena a imvi kuposa ine. Zovala zawo, Tadala lemba momwemo usakonze, zinali zomata thupi ngati awapaka phula. Nkhalamba ina inali ndi mimba ngati mtsuko koma yavala kabudula wa mwana. Njinga zawo zopanda kaliyala, zopanda madigadi, sungamangepo ngakhale nkhuku. Katundu yense analowa m'kaminibasi ka mayi wotitsogolera, kamene kamatitsatira m'mbuyo kali ndi mipando yopanda anthu. Ndinafunsa kuti bwanji tisangokweramo tonse. Anaseka, amvekere agogo ndi anthabwala.

Ine ndinkadziwa kuti andikweza ngati pa kabaza, ndikhale cham'mbali, chitenje chili bwinobwino. Ndinangoona akutulutsa chinjinga chachitali cha zishalo ziwiri, mahandulo awiri, mapedulo anayi. Esinati anati, "Amayi, inu mukhala kumbuyo. Kutsogolo kumafuna munthu wamphamvu, ndiye kukhala Daleni."

Ndinamukokera pambali. "Iwe, ukudziwa chimene ukunena? Munthu amene akufunsira mwana wanga, ndikhale masiku atatu mphuno ili pa msana pake? Wamuona chimene wavala?"

"Kuno ndi mmene amavalira, amayi."

"Kuno alibe apongozi?"

Anangondiveka chipewa cholimba pamwamba pa duku, akuti kopanda chimenecho apolisi amagwira. Ndinavala thalauza la Tadala mkati mwa chitenje n'kukwera, poti anthu onse amadikira ine.

Njira yoyamba inali ya sitima yakale, anazula njanji n'kusiya timiyala tofiira tozungulira ngati nzama. Imangokwera pang'onopang'ono pakati pa mabulugamu. Kuti ndikuuzeni za kutsogolo sindingathe, chifukwa dziko limeneli ndinaliona cham'mbali. Khosi ndinalipotoza kumanzere kuchokera ku Midland, popeza ndikati ndiwongole ndinkakumana ndi kabudula uja. Kumanzereko kunali mitengo yopsa ndi moto, mbalame zakuda zolira ngati chitseko cha dzimbiri, ndi ntchentche. Ntchentche za kuno sizifuna chakudya, zimafuna maso a munthu. Penapake tinalowa m'phanga limene anaboola m'phiri, mdima wokhawokha, madzi akudontha. Anzathu ankakuwa mosangalala kuti mawu awo abwerere. Ine ndi pokhapo pamene ndinapumitsa khosi.

Daleni ankayankhula ali chipalasire, Tadala ali pa njinga yake pambali n'kumamasulira. "Agogo, akufunsa ngati muli bwino." Ine ndinkayankha kwa Tadala. "Uwauze kuti mtengo uwo wauma." Nanga ndikanayankha bwanji? Mapedulo anga ankazungulira okha, miyendo ikungotsatira. Sindinakankhe ngakhale kamodzi. Wokwera kabaza sapalasa.

Tinafika ku Mundaring cha m'ma wani. Amati kumapiri. Achimwene, inu mwaona mapiri a kwathu ku Mchinji. Izi ndi zulu za chiswe zimene zinapita kusukulu. Tinadya chinthu chonga mkate chofutiramo nyama yogaya, madola naini kamodzi, nyama yake sudziwa kuti inali ndi miyendo ingati.

Masana anatitengera ku munda wa mphesa kukalawa vinyo. Apa mundimvetse bwino, chifukwa mukudziwa kuti ndafulula mowa wa masese zaka zambiri ndipo palibe anabwezapo chipanda changa. Mtsikana wa pamenepo anathira m'matambula aakulu ngati mutu wa mwana, koma chothiramo chake supuni ziwiri. Anthu anayamba kuzunguza, kununkhiza, kuyang'anitsa kudzuwa ngati akufuna kuona mwana m'dzira. Nkhalamba ya mimba ija inati ikumva fungo la chikopa ndi fodya, onse n'kugwedeza mitu kuyamikira. Kwathu mowa ukanunkha chikopa timakathira kudzala. Kenako anapsontha, kuchukucha m'kamwa, n'kulavulira m'ndowa imene inali pa tebulo pomwepo. Akuluakulu, pamaso pa mwini mowa.

Ndinati, "Tadala, umufunse mtsikanayu bwanji sanayambe walawa yekha tisanamwe ife."

Anafunsa. Mtsikanayo anati iye samwa ali pa ntchito.

"Ndiye mwini wake akuukana, alendo akuulavula, ine ndimwe ndine chitsiru cha kuti?"

"Agogo, please," anatero Tadala. Iyeyu akachita manyazi Chichewa chimamuthawa. Tambula yanga ndinaisiya pomwepo.

Dzuwa lisanalowe, pa nyumba yogona alendo, Esinati anabwera kuchipinda kwanga n'kukhala pansi. Anati, "Amayi, tsiku lonse Daleni simunamuyankhe ngakhale liwu limodzi. Simunamuyang'ane. Akuti mumadana naye."

"Ndimuyang'ane ngati ndani wanga? Ulemu umenewo."

"Iye saudziwa ulemu umenewo. Zaka naini ndakhala ndekha chimwalirire bambo a Tadala. Koma mukakana inu, ndimuuza kuti basi. Sindingalowe m'nyumba imene inu simudzapondamo."

Mumtima ndinali nditayamba kale kukonza mawu oti ndikutumizireni, ndipo sanali abwino. Munthu woonetsa apongozi ake ziwalo zonse, wolavula mowa wa eni, ndinkati ameneyu adzatichititsa manyazi pamaliro.

M'mawa mwake ndikupita kukamwa tiyi, m'kanjira ka pakati pa maluwa, ndinaona munthu akubwera atavala thalauza lakuda, shati ya manja aatali ndi jekete. Atangondiona analumphira m'tchire, n'kugwada, nkhope kuloza ku mtengo. Ndinamva mawu akuchokera m'masambamo, "Zikomo apongozi." Anali Daleni. Tadala anandiuza kuti madzulo aja Daleni anaimbira foni mnzake wa kuntchito, a Tembo a ku Chipata, kufunsa chimene walakwa. A Tembowo, kaya amuona kupusa kaya, anamuthirira mchere wambiri: usaonetse mwendo, usaonetse mkono, usadye akuona, mukakumana patuka ugwade. Zovalazo zinali zimene anasungira chakudya cha tsiku lomaliza. Tiyi anakamwera kuseri kwa kaminibasi ngati mwana wakuba shuga.

Liwu lakuti apongozi sindinaliyankhe. Anali asanalipatsidwe.

Tinanyamuka eyiti koloko, kutsetsereka mpaka ku damu lalikulu la madzi a m'mipope. Anthu anajambula madzi. Kuchoka pamenepo ndiye msewu wa tala unaimirira, kulowera ku Kalamunda. Uwu ndi mwezi wa Malichi, kuno kumatentha ngati Okutobala wa ku Nsanje, mphepo yake ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Tsopano ndinkatha kuyang'ana kutsogolo poti kunali jekete, ndipo ndinaona jeketeyo ikuda ndi thukuta kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Anzathu onse anatipitirira, Esinati nawo limodzi, kaminibasi kanatsogola kukakonza zakudya. Tinatsala ife ndi Tadala. Munthu uja ankapuma ngati mvukuto. Njinga inayamba kuyenda mokhotakhota. Ine ndili phee, miyendo ikuzunguliridwa, n'kumaganiza kuti akabaza a pa Kamwendo chitunda ichi akanakwera akuimba nyimbo.

Pakati pa chitunda anaima. Anatsitsa mwendo, n'kugwira njinga nji, mpaka ine nditatsika n'kuponda bwino pansi. Atamva kuti ndatsika ndi pamene anaisiya, n'kugwa chokhala m'mbali mwa msewu. Nkhope inali itachoka kufiira, yayera ngati ufa.

Tadala anayesa foni, netiweki panalibe. Anayamba kulira m'Chingerezi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Agogo, njinga iyi amapalasa anthu awiri. Awiri. Kuyambira dzulo akukukokani yekha. Ndinafuna kukuuzani, anandiletsa, anati mlendo sauzidwa ntchito."

Achimwene, ndinachita manyazi amene sindinachitepo chikhalire. Koma manyazi ndinawaika pansi kaye. Ndinamukokera pamthunzi, ine ndi manja angawa, ndinamuvula jekete, kumasula mabatani, kuvula nsapato. Ndinamasula chitenje changa, kutsala ndi thalauza la Tadala pamsewu wa boma, ndinachinyowetsa ndi madzi a m'botolo n'kumukulunga m'khosi ndi m'khwapa monga timachitira ndi mwana wa malungo. Munthuyo anali atatsinzina zolimba. Ndinaopa kuti akupita.

"Tadala, umuuze atsegule maso."

Anayankha motsitsa, Tadala n'kumasulira akuseka ndi misozi yomwe. "Akuti sangatsegule. A Tembo anati asakuyang'aneni."

Ndinamumenya kambama kakang'ono pa tsaya. "Daleni, tsegula maso, mwana iwe." Limenelo silinafune womasulira.

Mayi wina wodutsa pa galimoto anaima n'kukaitana anzathu. Esinati anafika, anamugwira pamkono, anamumwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono, anati ndi kutentha chabe, apume. Tsiku limenelo tinalimalizira m'kaminibasi, iye kumbuyo ine kutsogolo, mpaka ku chigwa cha Bickley kumene kuli minda ya mphesa ndi maapulo. Kumenekonso anzathu anakalawa vinyo n'kulavula. Ine sindinatsike.

Lamulungu m'mawa mayi wotitsogolera anati ife awiri tingokweranso galimoto. Daleni anati akufuna amalize, Esinati anati kwatsala kotsetsereka ndipo kukadali kozizira, angathe. Ndiye ine ndinati chabwino, koma kutsogolo kukhala ine. Onse anayang'anana. Esinati yekha ndiye anakumbukira kuti bambo ake atamwalira, njinga yawo ija ndinaipalasa ine zaka khumi ndi zisanu, zigubu ziwiri za mowa kumbuyo, kuchoka kwathu mpaka kumsika wa Kapiri, mabuleki ake chidendene. Anatsitsa chishalo chakutsogolo, anakweza chakumbuyo. Ndinati, "Muwauze avale kabudula wawo uja ngati akufuna. Ine maso anga ali kutsogolo." Nzeru imeneyi ikanabwera Lachisanu bwenzi munthu asanakomoke.

Titadutsa Kalamunda tinafika pa kamsewu kotsika phiri mokhotakhota ngati njoka, akuti namonso munkadutsa sitima. Kutsogolo tauni yonse ya Perth inali poyera, nyumba zazitali zili ngati zisononkho. Aka kanali koyamba kuona dziko lino molunjika. Ndinasiya mabuleki. Kumbuyo ndinkangomva, "Apongozi, buleki, buleki," ine n'kumaliza belu. Tinaipitirira nkhalamba ya mimba ija ngati yaima. Pofika kuchidikha ndinamva mmene njingayo imayendera anthu awiri akamakankha limodzi, ndipo ndinazindikira katundu amene munthu uja anasenza masiku awiri osatsegula pakamwa.

Tinafika ku chigwa cha Swan cha m'ma thwelofu, mizere ya mphesa mbali zonse. Anatikhazika pansi pa mtengo, anatipatsa tchizi chonunkha ngati sokosi ndi tizipatso tamchere. Ndili pamenepo ndinaona Daleni akubwera ndi tambula, yodzaza bwino osati supuni ziwiri zija. Anaima chapatali pang'ono, ananjuta, anamwako kaye yekha n'kumeza, kenako anandipatsira ndi manja awiri nkhope itayang'ana kumbali. Zimenezi sanamuuze a Tembo. Anangokumbukira funso langa la Lachisanu.

Ndinalandira, ndinamwa. Wowawasa ngati bwemba. Ndinameza wonse.

Ndinati, "Zikomo apongozi."

Esinati anadzuka n'kupita kuseri kwa mphesa, anakhalako nthawi.

Ndiye yankho langa ndi limeneli, achimwene. Mapiri awo ndi zulu, mowa wawo sungagule kawiri, ulendo wake ndi wa anthu osowa chochita, ndipo matako anga mpaka lero ndikukhalira mbali imodzi. Koma akamwini athu muwalandire. Mungowauza kuti akamadzabwera kudzaonekera apeze nkhoswe ina, a Tembo ayi, angatiphere munthu asanalowe m'banja.