Mpiru wa Pamchere

Nditapita ku chitengwa ku Kapelula, apongozi anga aakazi anandipatsa kadimba kumunsi kwa dambo. Sanandibisire kanthu. "Kuno kumatuluka mchere," anatero. "Ine ndinalimapo zaka ziwiri n'kusiya. Yesani inu."

Ikafika Okutobala, nthaka ya pamenepo inkatuwa ngati wina wawazapo ufa, ndipo mbuzi zinkabwera kudzanyambita. Ndinafesa mpiru. Unamera bwino, koma posakhalitsa masamba anayamba kupsa m'mphepete n'kumafota, chonsecho ndinkathirira m'mawa ndi madzulo.

Zinali zaka za makuponi. Amuna anga anali atatenga kale thumba lathu la feteleza n'kuliimika kuchipinda, kudikira mvula. Ine ndinaganiza kuti mpiruwo uli ndi njala, choncho ndinawapempha mbale imodzi. Anandipatsa monyinyirika. Ndinathira mosaumira, ndipo patatha masiku atatu bedi lonse linali litapserera, kupatula mitengo isanu ndi iwiri yomwe inangoima, yobiriwira ndithu.

Sabata yomweyo kunabwera alangizi a zaulimi kudzaona nazale za fodya zomwe zinali kumtunda kwa dimba langa. Anali mayi wamfupi woyenda pa njinga yamoto, Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chitumbuka. Ndinalimba mtima n'kuwaitana. Ananjuta pabedipo, kutapa dothi ndi chala n'kulawa.

"Mwathira chiyani, mama?"

"Feteleza wa kuponi."

"Feteleza nayenso ndi mchere. Mwawonjezera mchere pa mchere. Zikatero mizu imalephera kukoka madzi, mbewu imafa ndi ludzu ili pachinyontho."

Ndinawalozera isanu ndi iwiri ija. "Nanga iyi yapulumuka bwanji?"

Anathyola kansonga ka tsamba n'kukayang'ana padzuwa. Anandiuza kuti mchere ukaipanikiza mbewu, m'kati mwa tsamba mumabadwa tizinthu towononga, todya tsambalo monga dzimbiri limadyera khasu. Koma mbewu ili ndi zodzitetezera zake zomwe imapanga yokha. Kusukulu ankazitchula kuti maenzaimu. Ntchito yake ndi kugwira tizinthu tija n'kutisandutsa madzi ndi mpweya tisanawononge.

"Mbewu zina zimapanga ambiri, mwachangu. Zina zimachedwa," anatero. "Kapena iyi ndi yotero, kapena yangogwera pamene mchere wachepa. Ndi maso sindingadziwe. Musathyole. Isiyeni ibereke njere, chaka chamawa tidzaone."

Anandiuzanso kuti ndithire manyowa a khola, ndiphimbire nthaka ndi udzu, ndipo pothirira ndizithira madzi ambiri kamodzi kuti mchere utsike pansi, osati pang'onopang'ono monga ndinkachitira.

Chovuta chinali kusathyola. Ndiwo zinkasowa mwezi umenewo, ndipo masamba aja anali aakulu ngati chikhatho. Tsiku lina ndinapeza kuti apongozi azinga bedilo ndi minga kuopa mbuzi. Sanandiuze, ndinangoona mapazi awo m'matope.

Mpiru unachita maluwa achikasu, kenako timakoko. Titauma ndinatipukusira m'lichero, njere n'kusunga m'kabotolo.

Chaka chotsatira ndinafesa njerezo bedi limodzi, zogula kumsika bedi lina, manyowa ndi udzu chimodzimodzi. Mabedi onse awiri anachita bwino kuposa kale, koma dzuwa litakula, la kumsika linayamba kupsa m'mphepete, langa lija likadali lobiriwira. Nalonso linadzafooka, koma titadyako milungu ingapo. Alangizi aja anali atasamutsidwira dera lina, moti sanaone.

Mchere sunathe padimbapo. Chaka china ndinayesa tomato, anafa yense. Nyemba nazo zinakana. Ndinangokhazikika pa mpiru, ndipo chaka chilichonse ndinkasiya mitengo yolimba kwambiri kuti ibereke. Amayi a madimba oyandikana anayamba kubwera ndi timapepala kudzapempha njere, ine n'kumawatapira ndi supuni ya tiyi.