Kompyuta ya a Simioni yopanda sikirini

Ku Malindi akati a Simioni, anthu amayamba atchula uphunzitsi wawo, kenaka maso amene anazima ali ndi zaka makumi anayi, kenaka bokosi. Bokosilo ndi kompyuta yakalekale imene mphwawo anaitola ku ofesi ina ku boma ikupita kudzala. Ilibe sikirini. A Simioni anagulitsa sikiriniyo n'kugula sipika, ati galasi n'la anthu oona. Anaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe sinyoza makina okalamba, ndi pulogalamu yowawerengera mokweza zonse zolembedwa. Mawu ake ndi a m'mphuno, Chichewa amachiphwanya momvetsa chisoni, koma kuyambira pamenepo a Simioni anasiya kupempha anthu kuti awawerengere makalata.

Akazi awo a Esime poyamba ankaliona bokosilo ngati mkazi mnzawo. Anasintha maganizo sabata imene linadwala.

Inafika imelo yochokera kwa Maud, mwana wawo wa ku Joni, mutu wake uli wakuti, "Bambo, mumve nokha." Bokosilo linawerenga moni, n'kungoti zii pakati pa chiganizo. Akaliyatsanso, linkafika pamoni pomwepo n'kuuma.

"Tiyitane aneba akuwerengereni pafoni," anatero a Esime. Iwo mtima unali m'mwamba, poti mwana sangalembe chonchija zinthu zili bwino.

"Wanena kuti ndekha, Esime. Mwanayu wandikhulupirira."

Apa a Esime anaona zimene mpaka pano amazifotokoza atagwira pakamwa. Amuna awo anatsegula bokosi, zala n'kumayenda m'katimo osaphonya, mpaka kuzula kachitsulo kobiriwira kotalika ngati chipeso. Anati ndi memori, mphasa imene makina amayalapo zomwe akugwira nthawi imeneyo. Anakapukuta m'mano mwake ndi labala ya pensulo, chifukwa chinyezi cha kunyanja chimadya zitsulo. Atakabwezera, bokosi linaumanso. Mphwawo anazungulira mashopu onse a ku boma, achinyamata n'kumamuseka kuti memori ya mtundu umenewo inatha iwo asanabadwe.

Masiku awiri a Simioni anangokhalira kulimvetsera bokosilo. Akatsegula kanthu kamodzi, bokosi linkayankhula tsiku lonse. Akatsegula zambiri pamodzi, monga zimafunikira pa imelo, linkafa.

"Memoriyi si yonse yawonongeka," anawauza akazi awo. "Yaola kumapeto. Katundu akachuluka n'kufika kumeneko, ndiye amagwa. Ndiyiuze kompyutayi kuti isamafikeko."

Vuto linali lakuti lamulo limenelo limalembedwa makina akungodzuka, mawu aja asanayambe. Pamenepo palibe chowauza ngati alemba bwino kapena aphonya. A Esime anakhala pampando atagwira chitenje pachifuwa. A Simioni anayatsa, n'kuwerenga chamumtima kulira kwa fani ndi kunjenjemera kwa disiki. Anadina batani limodzi, anatsika mizere iwiri, anapita kumapeto, n'kulemba kuti pa memori 512 igwiritse ntchito 384 yokha. Bokosi linayankhula, linafika pamoni, linauma.

A Esime misozi inalengeza. Amuna awo sanadandaule n'komwe.

"Ndiye kuti chaola chili m'munsiko pang'ono. Titsikenso."

Anayambanso, zala zomwezo, kuwerenga komweko, n'kulemba 256. Makina okalamba sathamanga, ndipo kudikira kwake kunali kotalika mwakuti a Esime anamva mbuzi ikutafuna kuseri kwa khoma. Anayang'ana munthu amene akhala naye zaka makumi atatu, amene amamugwira dzanja popita kutchalitchi, ndipo anachita mantha aulemu. Munthuyu ankayenda m'kati mwa chinthu chimene iwo ndi maso awo awiri sakanaona n'khomo lomwe.

Mawu a m'mphuno aja anabwera. Anapereka moni wa Maud, ndipo ulendo uno anapitirira: "Bambo, chimene ndikufuna kukuuzani n'chakuti..."

A Simioni anaimitsa ndi chala chimodzi. Anangotembenuzira nkhope kumene kunali akazi awo. A Esime anafunitsitsa kumva, ndani sakanafuna, mwana ndi wawonso. Koma anaimirira, anatuluka, anatseka chitseko bwinobwino, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango patali poti mawu sangafike.

Patapita nthawi chitseko chinatseguka. A Simioni anaima pakhomo maso ali onyowa.

"Ali moyo, ali bwino. Zinazo akuti adzakuuzani yekha, amafuna ndiyambe ndamva ine kuti ndimuthandize mawu oyambira."